Mphasa ya Akuchimuna

Ulendo wa ku mapanga ndinayamba kuukonza mwezi wa Meyi, chaka chimene Amayi anamwalira, ndipo sunali ulendo wokasangalala. Ine zoona nyama sizinandikokepo mtima. Njovu ndimaiona m'buku limene ndimaphunzitsira ana pa Ntchisi Boma, ndipo imandikwanira momwemo. Chimene chinandiyambitsa kufunsafunsa za misewu ya m'paki ya nyama zakutchire ndi Ababa, amene anatuluka m'nyumba yawo n'kukagona m'chigafa cha fodya, nyengo yozizira itayandikira.

Kwathu, kumudzi kwa Amayi kufupi ndi Bowe, mwamuna amakhala kwa mkazi. Ababa anafika pamudzipo ali mnyamata, akuchokera ku maesiteti a fodya a cha ku Chisepo kumene ankagwira utenanti, ndipo anakhala mkamwini mpaka imvi mbuu. Nyumba ya malata ija anamanga ndi iwo. Mango onse a pakhomo anabzala ndi iwo. Koma mkazi akamwalira pamakhala mwambo wosudzula. Akuchikazi amayala mphasa ziwiri, ina yawo, ina ya abale a mwamuna, n'kunena kuti mwana wanu uja ntchito yake yatha, tamumasula, mutengeni. Kwa nkhalamba mawu amenewa amakhala a pakamwa chabe, chifukwa akatero amapitiriza kuti koma tikupempha, tisiyireni, atisungire anawa. Akuchimuna amavomera, anthu amamwa thobwa, nkhalamba n'kubwerera pakhonde pake.

Tsono Ababa analibe akuchimuna. Mudzi wawo unali kumene lero ndi mkati mwa paki ija, kumadzulo, cha kumalire, m'munsi mwa phiri la mapanga. Malire a paki atafutukuka anthu anasamuka, balala, ena ku maesiteti, ena kuwoloka kupita dziko lina. Amayi awo anali atamwalira kale ndipo manda anatsala komweko. Pa ukwati wawo nkhoswe anachita kubwereka, mnzawo wa ku esiteti, ndipo ameneyo anamwalira ine ndisanayambe n'komwe sukulu.

Mwini mbumba yathu ndi atsibweni, mlongo wawo wa Amayi. Ndi mkulu wa mpingo, munthu woti nyimbo ikakhala ya ndime zambirimbiri amaimbitsa zonse ngakhale mvula ikugwera anthu pamanda. Tsiku losudzula, titatha kukolola, anayalitsa mphasa ziwiri monga mwa mwambo. Ife tinadzaza yathu. Inayo inangokhala pululu, Ababa ali pa kampando pambali pake, chipewa chili pabondo. Atsibweni anaimirira, nayang'ana mphasa yopanda munthuyo, n'kunena bwinobwino kuti mwana wanu watitumikira, sitinamuone choipa, lero tamumasula. Anadikira. Nkhuku inadutsa pamphasapo ikutolatola. Ine ndinkadikira mawu otsalawo, mtima uli m'malo, poti ndinkadziwa kuti akubwera.

"Popeza palibe wotiyankha," anatero atsibweni, "tilekeza pomwepa."

Ababa anawomba m'manja mwaulemu. "Zikomo alamu, ndamva."

Thobwa anthu anamwa, koma mwakachetechete. Dzuwa lisanapendeke Ababa anali atatulutsa bulangete, Baibulo ndi wailesi yawo, n'kukayala m'chigafa. Amene sanalimepo fodya adziwe kuti chigafa si nyumba. Ndi denga la udzu lokhala pa mitengo, lopanda khoma, lomangidwa dala kuti mphepo izidutsa n'kuumitsa masamba.

Ndinawalondola komweko.

"Ababa, masewera anji amenewa? Nyumba munamanga nokha!"

"Ndinamangira mayi ako, pa dothi la mayi ako. Andimasula. Munthu womasulidwa salowa m'nyumba ya mbumba asanapemphedwe."

"Ndiye ndikukupemphani ine."

"Iwe ndiwe mwana. Wopempha ndi alamu."

Ndinathamangira kwa atsibweni. Ndinawapeza akutsuka makapu a mgonero, phee, ngati palibe chachitika.

"Atsibweni, chiyambi cha mawu munauza mphasa. Otsalawo akukuvutani chiyani?"

"Iwe mwana, kumasula munthu sikulira yankho. Kupempha kumalira yankho. Ndipemphe kwa yani?"

"Kwa eni ake! Ali apowa!"

"Munthu sadzipereka yekha."

Ndinati chabwino, pamphasapo ndikhala ine. Anati ine ndine wa mbumba, sindingakhale mbali ziwiri. Ndinati tibwereke nkhoswe wina, amuna achikulire ndi ambiri mumpingo. Apo atsibweni anavomera, koma Ababa anakana kwamtuwagalu. Anati anabwereka kamodzi ali mnyamata ndipo sangafe ndi zobwereka. Ndinati tiyeni ku Boma mukakhale ndi ine. Anaseka, kuseka koyamba chimwalirire Amayi, n'kunena kuti anakhala kale mkamwini wa mayi anga, sangakakhalenso mkamwini wa mkamwini wawo. Koma abale, amuna okalamba! Ndinabwerera ku sukulu mutu ukuwawa, ndipo sabata imeneyo ana a m'kalasi mwanga anaona zakuda popanda chifukwa.

Loweruka lotsatira ndinakwera kabaza kubwerera kumudzi. Ndinawapeza Ababa akuwothera dzuwa kunja kwa chigafa, ndipo ndi iwo anayambitsa nkhani ya mapanga.

"Alamu akuti ndilibe kwathu. Kwathu kulipo. Unditengere kumeneko, ndipo alamu apite nawo. Akapemphe pamene pagona amayi anga, amve nawo. Kuno ndine mkamwini, sindingadziyankhire. Koma ndikaponda dothi la kwathu, wamkulu wotsala ndine. Ndikayankha ndekha."

Tsiku limenelo anandiuza zimene sanandiuzepo moyo wanga wonse. Anati phirilo lili ndi mapanga angapo, koma lawo ndi lalikulu, loyang'ana kotulukira dzuwa. Mkati mwake mumazizira ngakhale mu Okutobala, ndipo mumanunkha mileme. Pakhoma pali zojambula zofiira, mizere ndi timadontho, zimene akuluakulu ankati anajambula ndi Akafula, anthu aafupi akale aja. Ana ankaletsedwa kuzikhudza, ndiye aliyense ankazikhudza. Amayi awo ankabisamo mapira anyani akavuta, ndipo tsiku lina anawakwapula ndi kamtengo pakhomo pa phangalo chifukwa choba uchi. Pakhomopo pali mkuyu, ndipo manda ali chakumunsi kwake. Ankalankhula maso ali gwa kumadzulo, kumene ine ndinkangoona minda ya mapesi ndi mapiri athu omwe aja a Dowa. Ndinakula ndikuganiza kuti Ababa anangomera pakhomo pathu ngati mango aja.

Ndinavomera. Ndinaona kuti ndi njira yokhayo yowalowetsera m'nyumba.

Atsibweni poyamba anakana. Anati iwo mkulu wa mpingo akaoneke pa phanga akulankhula moyang'ana manda, anthu adzati anakathira nsembe, ndipo nkhani idzafika ku Seshoni, bwalo la akulu a mpingo, iwo asanatsike m'galimoto. Apo ndiye ndinapsa mtima.

"Nanga alamu anu akafera m'chigafa, Seshoniyo mukaiuza chiyani? Kuti munasunga mwambo? Amayi ali m'manda sanathe n'chaka chomwe, mwamuna wawo akugona ngati fodya!"

Akazi awo anandigwira mkono kuti ndikhale pansi. Kenaka atsibweni anati apita, koma mawuwo akanena ataimirira, Baibulo lili m'manja.

Ndiye ndinayamba kukonza ulendo, ine amene sindinapondepo m'paki. Mphunzitsi mnzanga anandipezera nambala ya kumeneko pa foni yake. Anayankha bambo wina woleza mtima, amene anandimvetsera mpaka mayunitsi anatsala pang'ono kundithera. Anati pa kabaza salola kulowa, njovu sizidziwa kuti uyu ndi mphunzitsi. Anati kumapangako kumafuna galimoto yokwera, ndiponso tiyenera kupita ndi mlonda wa mfuti, aja timawatcha a gemu. Anati kugona kuphiriko ayi, kutenga kanthu ayi, ngakhale mwala. Anafunsa ngati okalambawo angathe kukwera, poti galimoto imathera m'munsi. Ndinafunsa za manda. Anati, "Mayi, kumeneko n'kutchire lokhalokha, manda sindinawaonepo." Kenaka ananena chovuta kuposa zonse. Kanjira kopita kuphiriko kamatsekeka ndi udzu ndiponso timitsinje, ndipo amakatsegula akawotcha tchire, cha mu Ogasiti.

Ogasiti! Tinali tisanalowe n'komwe mu Juni. Amene anakhalapo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwa kuti pakati pa Meyi ndi Ogasiti pali chiyani. Pali chisanu choti madzi a mumtsuko amaluma mano, ndi kamphepo kouma kamene kamalowa m'mafupa ngakhale uli m'nyumba yotseka.

Ndinawauza Ababa zonse, ndi za manda zomwe. Anati mkuyu sasamutsa. Za Ogasiti anangoti, "Ndadikira chichokere ndili mnyamata. Miyezi iwiri n'chiyani?"

Galimoto ndinaipeza ku Chisepo, pikiapu yokwera ya mwamuna wa mnzanga wa ku Mvano, gulu la amayi a mpingo. Mwini wake anati palibe vuto, koma tidikire mabelo a fodya athe kupita ku okushoni, zimene zinkagwera mu Ogasiti momwemo. Ndinayamba kusonkhanitsa tinthu. Ndinagula nsapato za kanivasi za Ababa pamsika wa pa Boma. Ndinabwereka botolo losunga tiyi wotentha. Ndinafunsa anamwino oyandikana nawo nyumba za mankhwala a miyendo. Loweruka lililonse ndinkafika kumudzi ndi kanthu katsopano ka ulendo, ndipo Ababa ankakalandira ndi manja awiri n'kukasunga m'thumba la feteleza limene anapachika pa mtanda wa chigafa.

Atamva kuti kuphiriko n'kokwera, anayamba kuyeserera pa kaphiri ka kuseri kwa mudzi. M'mawa uliwonse ankakwera ndi ndodo, nsapato zatsopano zili kuphazi. Patapita masiku, akazi a atsibweni anandinong'oneza kuti amuna awonso agula nsapato za kanivasi ndipo akukwera kaphiri komweko, koma masana, kuti asakumane. Mudzi wonse unkaonerera. Nkhalamba ziwiri, phiri limodzi, wina m'mawa wina masana, ndipo akakumana pa mjigo n'kumapatsana moni wa ulemu wonse, mwadzuka bwanji alamu, tadzuka kaya inu alamu. Ndikanaseka zikanakhala za eni ake.

Tsiku lina Ababa ali kuphiri, atsibweni anabwera ndi mitolo ya udzu n'kumanga mpanda mbali ya chigafa kumene kumachokera mphepo. Anamanga okha, mwaluso, n'kuchoka. Ababa pobwera anauyang'ana, anaugwedeza kuona ngati walimba, n'kulowa m'chigafa. Zimenezi zinandikwiyitsa kuposa zonse. Munthu anatha kumweta udzu, kusenza, kumanga mpanda wathunthu, koma kutsegula pakamwa n'kunena kuti tisiyireni kunamukanika. Anthu awiriwa sankadana. Akanakhala kuti amadana bwenzi ndikudziwa woti ndimutukwane.

Chifuwa chinayamba kumapeto kwa Juni. Poyamba chinali chouma, cha m'mawa chokha. Loweruka lina ndinawapeza atavala juzi ya Amayi mkati mwa jekete, manja ake akulekeza pa chigongono, akutsokomola mpaka kugwira mtengo wa chigafa. Ndinakokolola mabulangete onse, mphasa, wailesi, n'kukaziponya pabedi m'nyumba, ndipo ndinaimirira pakhomo manja ali m'chiuno.

"Zofunda zili umu. Mukazifuna mulowe."

Anakhala pa kampando kawo m'chigafa chopanda kanthu, manja ali pakati pa mawondo. Dzuwa linapendeka, mphepo inayamba, iwo ali pomwepo. Sanandidzudzule, sanandiyang'ane n'komwe. Amene anagonja ndine. Ndinabweza zonse ndikulira, n'kuwayalira ndekha.

"Usalire, mayi," anatero. "Watsala mwezi umodzi. Ukaona phanga lake, udzati Ababa sankanama."

Ndinaimbiranso bambo wa ku paki uja kufunsa ngati sangatichitire chifundo n'kutilola msanga. Anati si nkhani ya chifundo, galimoto ingakatitimire m'dambo ndi okalamba awiri, ndiye titani? Ankanena zoona. Ndinamuthokoza, koma nditadula foni ndinamunenera mawu amene sindingawalembe pano.

Pakati pa Julayi, ndili m'kalasi, foni inalira. Anali atsibweni, amene sanandiimbirepo chiyambire. Anati, "Iwe mwana, alamu lero sanakwere phiri." Ndinasiya choko pa tebulo n'kutuluka osatsanzika ndi kwa ahedi komwe. Mwini pikiapu uja, Mulungu amudalitse, nditamuimbira anatsitsa mabelo amene anali atapakira kale n'kuthamangira kumudzi. Tinawapeza Ababa thupi lili moto, akupuma mobanika. Powanyamula anatsegula maso, nayang'ana matayala, n'kufunsa ngati galimoto yake ndi imeneyi. Ndinati ndi yomweyi.

"Ndi yokweradi," anatero. "Ikafika."

Atsibweni anakwera kumbuyo n'kuwagoneka mutu pamiyendo pawo, ndipo msewu wonse wa fumbi mpaka ku chipatala cha pa Boma anawatchinga mphepo ndi jekete lawo. Madokotala anati ndi chibayo, ndipo chalowerera. Anayesetsa. Ababa anamwalira sabata yomweyo, m'mawa, ine nditapita kukawatenthetsera phala.

Pikiapu yomwe ija ndi imene inawabweza kumudzi. Titafika, anthu anali atadzaza pabwalo, koma panalibe chimene chinkayenda. Adzukulu, anyamata okumba manda, anali atakhala pansi ndi makasu awo. Mkamwini wosudzulidwa saikidwa m'manda a mbumba popanda mawu a akwawo. Amayi a Mvano anaima ndi nyimbo pakamwa, osadziwa kolowera ndi bokosi, m'nyumba kapena m'chigafa. Bokosi linakhala m'galimoto, padzuwa. Ine ndinalibenso mphamvu zokalipa. Ndinangokhala pansi n'kutsamira tayala.

Atsibweni anatsika, naitanitsa mphasa. Anaiyala okha pakati pa bwalo, pamalo pomwe paja, n'kuiwongola m'makona. Kuphazi kunali nsapato zawo zija za kanivasi. Anavula chipewa. Ndipo munthu amene ananena kuti akalankhula ataimirira, Baibulo lili m'manja, anagwada pa dothi kutsogolo kwa mphasa yopanda munthu.

"Inu akuchimuna," anatero, "mwana wanu tinamumasula. Koma tikupempha, tisiyireni. Ndi bambo wathu. Watilerera ana, watimangira mudzi. Tisiyireni agone pafupi ndi mkazi wake."

Atsibweni anakhala chogwada, mutu uli pansi, akudikira. Kenaka anawomba m'manja ngati munthu amene wayankhidwa, nadzuka movutikira, n'kuuza adzukulu kuti akayambe kukumba.

Ndinadzuka n'kuwatsekera njira. Sindinakweze mawu.

"Atsibweni, wakuyankhani ndani?"

"Palibe."

"Nanga mu Meyi muja chinavuta n'chiyani?"

Anandiyang'ana, misozi ikutsikira m'ndevu. Mpaka lero sanandiyankhe. Anangotembenukira kwa amuna amene anaima pafupi ndi galimoto n'kunena kuti alowetseni m'nyumba.

Bambo wa ku paki uja anandiimbira yekha mu Ogasiti kundiuza kuti tchire awotcha, kanjira katseguka, tibwere ndi okalamba aja. Ndinamuuza kuti ulendo unalephereka. Thumba la feteleza lija likadali pa mtanda wa chigafa, ndi botolo la tiyi la eni ake limene sindinabwezebe. Ku mapangako sindinapite, ndipo sindidziwa ngati mkuyu uja ulipo. Ndikamva mawu oti paki, chimene chimandibwerera ndi khomo la nyumba yathu tsiku lija. Ababa analipanga lopapatiza, ndipo Amayi ankawanena nalo chaka ndi chaka. Amuna aja anachita kupendeketsa bokosi kuti Ababa alowe m'nyumba yawo.